Nthanga Zopanda Phulusa

Khalani pansi ana inu. Jayden, tabuletiyo ika uko, siithawa. Zione, chotsa chala m'mphuno, mulibe golide mmenemo, ine ndinafufuza kale ndili msinkhu wakowo. Amayi anu andisiyira inu mpaka faivi koloko, ndipo panja simutuluka, kuli chisanu chodula makutu. Ndiye mumvera agogo anu, mufune musafune.

Eya, agogo. Usaseke, Jayden. Ndikudziwa kuti agogo a anzako kusukulu ali ndi imvi komanso mano ogona m'kapu. Ine ndili ndi zaka eyitini, sukulu ndamaliza Juni wapitayu. Koma tawerenga bwino. Amayi ako a Mphatso ndi mwana wa achemwali anga a Loveness. Mwana wa achemwali anga ndi mwana wanga, ngakhale amandiposa zaka naini ndipo amandikalipira ndikasiya mbale m'sinki. Nanga mwana wa mwana wanga ndi ndani? Mdzukulu. Mlandu watha. Iwe ndiwe amuna anga, uyu Zione ndi mkazi mnzanga wobwera kudzandilanda banja, nchifukwa chake ndimamupatsa bisiketi yothyoka.

Ndipo za ukalamba musakayike. Miyezi sikisi yonyamula makatoni kuweyahausi, kosungira katundu wa m'masitolo kuja, yandikalambitsa zaka sikisite. Ndikamadzuka msanawu umalira ngati chitseko cha nkhokwe. Ndatopa, ana inu. Ndatopa ndi mabasi, ndatopa ndi majekete atatu atatu, ndatopa ndi dzuwa la kuno limene limabwera kuntchito mochedwa n'kuweruka folo koloko ngati bwana.

Tasuzumirani pawindopo. Mukuona chiyani? Thambo lotuwa ngati bulangete losachapa. Fensi yonyowa. Timitengo ta tomato wa chaka chatha tangoima ngati anthu a pamaliro. Dothi lolimba loti khasu likagunda limabwerera kudzakufunsa kuti walakwa chiyani. Limenelo ndiye dimba la abambo anga, amene inu mumati agogo aakulu. Dimba la ku Germantown, loti ukayetsemula uli pakhomo malovu amakagwera kwa aneba.

Masiku athu ku Ntcheu, Januwale sanali chonchi. Usandiyang'ane choncho Zione, ndinachokako ndili ndi zaka teni, ndinaona zambiri. Januwale kwathu ndi mvula, chimanga chofika m'chiuno, bowa m'tchire, nkhwani paliponse. Tinkapita kusukulu titafunda tsamba la nthochi, matope mpaka m'khosi, mtunda woti inu mungafe kawiri panjira. Inu basi yachikasu imadzakutengani pakhomo penipeni, koma mumalirabe. Ife galimoto tinkakwera kamodzi pachaka, matola, utakhala pa thumba la mbatata, nkhuku ya munthu wina ikukujompha mwendo mpaka pa boma.

Amayi anga simunawaone. Anali a Nachisale, mkazi wachiwiri wa abambo, ndipo anamwalira ndili ndi zaka naini. Chimene ankadziwika nacho mudzi wonse ndi maungu. Sanali maungu onga awa a kuno oti mumawaboola maso n'kuikamo kandulo, odzaza madzi ngati thewera. Awo anali aang'ono, amawangamawanga, ouma m'kati ngati mbatata, otsekemera moti ukadya umaiwala dzina lako. Nkhwani zake zofewa, zopanda minga yambiri. Anthu ankachoka midzi itatu kudzapempha nthanga.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Nthanga za maungu zili pawiri. Pali zodya, zimene umakazinga pa chiwaya ndi timadzi ta mchere. Pali za mbewu. Za mbewu amayi ankazisakaniza ndi phulusa n'kuziika m'chitini, kuti tizilombo tisaziboole. Ndiye lamulo la m'nyumba mwathu linali limodzi, ndipo ndinalidziwa ndisanadziwe kumanga nsalu: nthanga zoyera ndi zako, nthanga za phulusa usakhudze. Ngakhale chaka cha njala, pamene tinkagonera mango owiritsa, chitini chija chinali pompo pamwamba, palibe anachitsegula. Munthu wodya mbewu kwathu samutukwana. Amangomuyang'ana, basi, mpaka imfa.

A Loveness atatiitanitsa kuno, ine ndi abambo, nthanga za amayi zinabwera nafe. Mmene zinafikira musandifunse, ine ndinali mwana, ulendo wonse ndinkasanza m'kathumba. Linabweranso khasu, chitsulo chokha. Abambo anakana fosholo ya kuno, amati ndi chida cha okumba manda. Mpini anasema okha ku nthambi imene inagwa ndi mphepo, atakhala pa masitepe, aneba akusuzumira m'makatani.

Chaka choyamba chimenecho ndiye tinaonetsa umbuli. Disembala mvula inagwa masiku awiri. Abambo anatuluka, ananunkhiza mpweya, n'kunena kuti, "Tiyamike, yodzalira imeneyi. Tenga chitini." A Loveness anali kuntchito kuchipatala, panalibe wotiletsa. Tinapanga mizere itatu, tinadzala theka la nthanga, ine zala zitauma ngati nkhuni. Sabata yomweyo kunagwa sinoo, chisanu choyera chija chokwirira nthaka. Abambo ankatuluka m'mawa uliwonse kukafukula ndi chala, mpaka Febuluwale. Palibe inamera. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuti kuno dziko linatembenuka: umadzala Meyi, ndipo Januwale ndi mwezi wongokhala n'kumaganiza.

Koma kuganizako ankakuchita ngati ntchito. Chaka chilichonse, kumayambiriro kwa Januwale, ankatsika kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba chija, kukatenga chitini, n'kukhuthula nthanga pa nyuzipepala patebulo. Ankaziwerenga, ankasankha zonenepa, ankajambula dimba kumbuyo kwa envelopu: apa maungu, apa mpiru, apa bonongwe, apa tomato wa a Loveness amene samathirira okha. Kutatsala miyezi inayi kuti tidzale! Ndiye ikafika Julayi, azimayi a kutchalitchi ankabwera kuchokera ku Springfield, ena ku Landover, ola lathunthu pamsewu, kudzathyola nkhwani. Ankadzaza kabwaloka ngati pa chigayo. Abambo ali pakati ndi chipewa chawo, akulamula: "Ilo la chingwe chofiira musaligwire, ndi la mbewu." Phulusa ankatapa pa mbaula yootchera nyama ija ili pakonayo, tikaotcha nyama nthawi yotentha.

Chaka chathachi zinthu zinapita padera. Ogasiti abambo anadwala, anagona kuchipatala masabata awiri, anatuluka mwendo wamanzere ukukoka. Nyama sitinaotche, ndani akanaotcha? Dimba linatsala m'manja mwanga, ndipo ine ndi agologolo tinagawana mwachilungamo: iwo zonse, ine zotsala. Agologolo a kuno si anzathu aja othawa munthu. Awa amakuyang'ana m'maso akutafuna, ngati lendi amalipira ndi iwo. Maungu okhwima anatsala awiri basi. Limodzi labwino, lina lobooledwa m'mbali, litayamba kuwola. Labwinolo abambo analidula, nthanga anatsuka n'kuyanika. Lowolalo anandituma kuti ndikataye kubini.

Zimene ine sindinadziwe ndi izi. Ndi mwendo umenewo sakanatha kutsika kubesimenti kumene kuli chitini, ndipo phulusa panalibe. Ndiye nthanga zija anangoziika m'kachidebe ka majarini, zoyera mbee, n'kukaika m'kabati ya kukhitchini, pafupi ndi mtedza. Osauza munthu. Abambo anga amakhulupirira kuti chimene akudziwa iwo, nyumba yonse ikudziwa.

Tsopano tafika pa inu, akuba anzanga. Mukukumbuka Loweruka lija, masabata atatu apitawo, misewu itatsekeka ndi sinoo? Munali pano, mukulira njala ngati ana a mbalame. Jayden ukufuna tchipisi, Zione ukugubuduka pansi. Ndinatsegula kabati, ndinapeza kachidebe, ndinayang'ana. Zoyera. Ndinanunkhiza. Phulusa palibe. Ndinati lero adzukulu anga alawa za kwathu. Ndinakazinga pa chiwaya, timadzi ta mchere tswee, fungo nyumba yonse. Iwe Jayden, amene umati zakudya za ku Malawi ndi "weird", unatambasula dzanja katatu. "More, agogo, more!" Usakane, Mulungu anakuona. Zione anadya ndi makoko omwe. Ine ndinamaliza za pansi zopserera zija, n'kunyambita chala.

Abambo anali m'chipinda, akugona tulo ta masana ta mankhwala aja.

Lachiwiri lake ndikubwera kuntchito, ndinawapeza atakhala patebulo. Nyuzipepala ayala. Envelopu ndi pensulo zili pambali. Mwezi wonse ankangoti chaka chino salima, atopa, koma amatero chaka chilichonse.

"Tiyamike, tanditengera kachidebe ka majarini m'kabatimo."

Ana inu, mtima wanga unatsika, unadutsa m'mimba, unakafika kubesimenti osagwira masitepe.

"Kati, abambo?"

"Kali pafupi ndi mtedza. Muli mbewu."

"Munalibe phulusa," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati a Zione.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pa sinki, pamene kachidebe kaja kanali katatsukidwa bwinobwino, mwa ukhondo wanga wonse.

"Zonse?"

"Tinadya ndi ana a Mphatso."

"M'chitini cha pansi mulibe kanthu. Zakale ndinadzala zonse Meyi."

Ndinkadikira kuti akuwe. Ndikanakonda akanakuwa, akanandiponyera ndodo yawo ija. Koma anangopinda nyuzipepala, kawiri, katatu, mpaka inakhala kakang'ono.

"Zinakoma?"

Anakankhira pensulo pambali.

"Mchere unakwana? Amayi ako ankathira wambiri." Anadzuka movutikira atagwira tebulo. "Basi, wandithandiza mwana wanga. Ndimasowa chifukwa chosiyira."

Anakakhala pa mpando wawo wa pawindo uja, koma anautembenuza kuti uyang'ane kukhoma.

A Loveness atabwera ndinawauza ndekha, ndisanaululidwe. Anakhala pa masitepe osavula nsapato za kuntchito. "Tiya, ukudziwa chimene wachita? Adokotala anati munthuyu aziyenda tsiku lililonse, apo ayi mwendowo uuma. Ukuganiza kuti angayende kupita kuti? Kumolo, kukazungulira m'masitolo? Chimene chimawatulutsa panja ndi dimbalo basi. Ndawaona azigogo kuntchito kwanga. Akangokhala pampando n'kunena kuti basi, sadzukanso."

"Tigula nthanga zina, achemwali. Zili mbwee m'sitolo, m'timapepala tokongola."

"Uwapatse za m'sitolo uone ngati azigwira. Iwo salima maungu, Tiya. Amalima maungu a amayi ako."

Masiku anayi anakhala pampando paja. Chakudya ankangotola pang'ono. Masitepe a pakhomo sanawaponde.

Ndinaimbira foni aliyense amene anadyapo nkhwani zathu. A Mai Tembo a ku Landover, a ku Zambia aja amene amakutsinani masaya kutchalitchi, abambo anawapatsako nthanga zaka zitatu zapitazo. Ndinati mwina.

"Iwe mwana, wadya mbeu? Ati bwanji?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anasiya. "Awe mwandi, zinasila kudala. Ninashanga pa balikoni, zinamela bwino, manje tinadya chabe masamba, dzungu olo imozi. Pepa mwana wanga. Nanga atate ali bwanji?"

Ena onse chimodzimodzi. Anthu a kuno amathyola nkhwani ndi maluwa omwe, sadikira dzungu. Mbewu ankasunga ndi munthu mmodzi m'dera lonse lino, ndipo ine ndinaidya ndi mchere.

Loweruka linalo masana ndinatuluka kuseli. Ndinati ndikataye zinyalala, koma zoona zake ndinkafuna polirira popanda wondiona. Kunja kunali zii. Sinoo itasungunuka theka, yakuda ngati phala logwera pansi. Payipi yothirira itauma ngati njoka yakufa. Mizere ya abambo itaphwa. Ndinazungulira kuseli kwa kashedi kosungira zida, ndipo ndi mkwiyo ndinamenya teche beseni lakale limene linali lovundikira pamenepo. Chala chachikulu ichi mpaka lero sichinandikhululukire. Beseni linagubuduka.

Pansi pake panali chinthu chakuda, chophwatalala, chonyansa moti ngakhale khwangwala akanapempha kaye madzi akumwa.

Dzungu lowola lija.

Eya. Limene anandituma Novembala kuti ndikataye. Tsiku limenelo kunkagwa mvula, ndinali pa foni ndi mnzanga, bini ili kutali kumapeto kwa mzere wa nyumba, makilomita handiredi. Ndinalikankhira kuseli kwa shedi n'kulivundikira beseni kuti abambo asalione, ndikuti ndidzataya mawa. Mawa lakelo linali limenelo. Ndipo chifukwa cha beseni, agologolo sanalipeze.

Ndinatenga khasu la abambo n'kulimenya. Linali louma gwa ndi chisanu, linasweka ngati mbale. M'katimo, pakati pa zonyansazo, nthanga. Ndinazitola ndi zala, ndikulira, mamina akuuma pamlomo. Zambiri zinali zakuda, zina zopanda kanthu m'kati ukazifinya. Ndinatsuka kubafa mobisa. Zonenepa zinatsala fote-firii. Ndinawerenga kasanu.

Koma kodi zinali zamoyo? Zagona panja miyezi iwiri, m'madzi oundana. Sindinafune kuwauza abambo n'kuwapha kachiwiri. Ndiye ndinachita zimene tinaphunzira kusukulu m'kalasi ya sayansi, kuti mudziwe kuti sindinkangopita kukadya. Ndinatenga teni, ndinazikulunga m'pepala lonyowa la kukhitchini, m'kapulasitiki, n'kuika pamwamba pa firiji pamene pamafunda. Zotsalazo ndinayanika pansi pa bedi langa.

Tsiku loyamba, palibe. Lachitatu, palibe. Lachisanu ziwiri zinachita nkhungu. Ndinkapita kuweyahausi, makatoni, basi, kubwera, kukwera pampando, kusuzumira, palibe. Abambo ali kukhoma. Ndinaonda, ana inu, ndinatsala mafupa ndi ndolo zokha. Tsiku la naini ndinatsegula ndisanavule n'jekete lomwe. Zitatu zinali zitatulutsa timichira toyera, tating'ono ngati nsonga ya ulusi.

Ndinapita nazo pampando paja, ndinagwada, n'kutambasula pepala pa bondo lawo.

Anayang'ana. Anavala magalasi. Anatola imodzi n'kuitembenuza, ndipo anaizindikira, chifukwa nthanga za amayi ndi zazifupi, zokhala ndi mkombero wokhuthala.

"Wazitenga kuti?"

"Dzungu lowola lija."

"Limene ndinakutuma ukataye?"

"Lomwelo."

"Sunataye."

"Sindinataye, abambo."

"Novembala, Disembala, Januwale." Anawerenga pa zala. "Mwana waulesi ngati iwe sindinamuonepo chibadwire." Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera. Kenako anakweza mutu. "Ndiye wameretsa mbewu mwezi uno? Udzala kuti, pamutu pakopo? Meyi ali kutali! Banja lino kupusa kwa Disembala kuja sikunatikwane?"

"Ndimayesa ngati zili moyo."

"Wayesa zingati?"

"Teni."

"Teni! Zatsala zingati?"

"Sate-firii."

"Zili kuti?"

"Pansi pa bedi."

"Pansi pa bedi! Zopanda phulusa! Kuti udzazidyenso ukamva njala?" Anafufuza ndodo yawo. "Tandigwira. Katenge makala kushedi."

Ana inu, tinayatsa mbaula yootchera nyama pakati pa Januwale, pa sinoo, popanda nyama ngakhale ya mbewa. Aneba anatsegula windo kufunsa ngati zonse zili bwino. Abambo anawakwezera dzanja ngati nduna. Anaima panja mpaka makala anasanduka phulusa, jekete la a Loveness pamwamba pa lawo, ndipo podikirapo anayenda kuchoka pakhomo kukafika kufensi, n'kubwerera, kawiri, akuloza ndi ndodo. Apa maungu. Apa mpiru. Mizere yaphwa, iyenera kuunda mwatsopano. Manyowa akufunika matumba sikisi. Ndipo wounda, wonyamula, wothamangitsa agologolo chaka chino mpaka Okutobala, mukuganiza kuti ndi ndani? Agogo anu ano, a msana wothyokawa. Chilango changa ndi chimenecho, ndipo apilo kulibe. Ndikangoganiza ndimatopa kale.

Titatu tomera tija ndi ito tili m'makapu a yogati pawindopo, tatalika ngati ana osadya. Abambo akuti sitifika Meyi, n'zopusa, tidzafa. Koma m'mawa uliwonse ndimawapeza akutithirira ndi supuni, n'kutembenuza makapu kuti tione kadzuwa kaulesi kaja.

Tsopano Jayden, tenga chitini icho patebulopo. Ndi manja awiri, amuna anga, si mpira. Tsegula. Mukuona zotuwazo? Aliyense atole imodzi. Zione, ndati imodzi. Yang'anani bwino zala zanu mmene zadera. Nunkhizani. Jayden, talawa kunsonga kwa lilime. Eya, lavula, lavula, usandiyang'ane ngati ndakupha. N'zoipa eti? Kuipa kumeneko ukukumbukire mpaka udzakhale ndi imvi zenizeni.

Bwezerani m'chitini. Ndiwerenga, zikhale sate-firii. Zione, tsegula dzanja linalo.

Ndipo valani majekete. Mukumva ndodo ikugogoda pa chitseko cha kuseliyo? Akufuna wogwira chingwe choyezera mizere. Amayi anu anati musatuluke, ndikudziwa. Koma ine ndatopa, ndipo inunso munadya nawo.